Kabotolo Kowala ndi Mwambo wa Apulofesa

Ku dipatimenti kwathu kulibe chinthu chimayamba ntchito Apulofesa asanachitsegule mwamwambo. Firiji yatsopano anaidulira riboni. Chimbudzi nachonso chimodzimodzi, ife tikuomba m'manja pakhomo.

Ndiye panali mnzanga wina wa mu labu, tinkamutcha Kachetechete, amene kontirakiti yake inali kutha mwezi womwewo. A komiti ananeneratu kuti akapanda kuona zotsatira ndi maso awo, mayiyu alongedze. Iye anali atakhetsa thukuta kuwiritsa chitsulo cha iridiyamu ndi mankhwala ena, kusefa, kuumitsa, kuyambiranso, mpaka anapeza timadzi tachikasu. Ukatiunika ndi nyali yapadera yotchedwa yuvi mumdima, tinkawala mobiriwira kuposa ziphaniphani. Mdani wake anali mpweya wamba womwe timapumawu: ukangolowamo, kuwala kumazilala. N'chifukwa chake anauthamangitsa wonse ndi mpweya wina wotchedwa nayitrojeni, n'kutseka kabotolo kuti ndi.

Tsiku limene alendo a komitiwo anabwera tinakoka makatani. Kabotolo kanawala, mayi wina wa komiti mpaka kugwira pakamwa. Ine mtima unakhala pansi, ndinati basi ana a mnzanga apitiriza sukulu.

Apo Apulofesa anaimirira, kukonza tayi, n'kufunsa kuti alendo akuoneranji chinthu chosatsegulidwa. Kachetechete anawanong'oneza kuti mpweya uwononga zonse.

"Mayi, musandiphunzitse ntchito pamaso pa alendo," anatero iwo. "Ine ndinayamba kutsegula zinthu inu musanamere mano."

Anachotsa chotsekera, kukhutchumula kabotolo kuti aliyense aone, n'kuyamba kulankhula. Anafotokoza mbiri ya dipatimenti, maulendo awo akunja, ndi mmene iwo analotera kutulo za mankhwalawa kalekale. Mawu akuchuluka, kuwala kukuchepa. Pofika pothokoza alendo, m'kabotolo munali ngati khala ladzulo. Tinaomba m'manja ndithu, nanga tikanatani? Kwathu kuja wamkulu salakwa.

Kachetechete anapempha kanthawi kochepa kuti autulutsenso mpweyawo, kuwala kubwerere. Apulofesa anamuyankha kuti chakudya cha alendo chikuzizira. Komiti inagamula ikutafuna: mankhwalawo ndi okongola, koma sakhalitsa.

Ndinamuthandiza Kachetechete kunyamula makatoni ake, mtima ukuwawa, mkwiyo ndikusowa poutula. Pa geti Apulofesa anaimitsa galimoto n'kutsitsa galasi.

"Kumene mukupitako, mayi, mukaphunzire kupanga zinthu zolimba."

Kachetechete anatula katoni pansi, kupinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti zikomo bwana. Kulikonse kumene akafunsire ntchito, mabwana akumeneko adzayamba afunsa Apulofesa omwewa ngati iye ali munthu wodziwa ntchito.