Chogona pa Bwalo la Bambo

Mukanafunsa aliyense m'mudzi mwathu kuti thirakitala yofiira ija inali ya yani, akanakuuzani kuti ya Esenkul, mwana woyamba wa a Ormon. A Ormon anailandira kalekale minda ya boma itatha, anthu akugawana katundu, wina ng'ombe, wina pulawo, wina matayala okhaokha. Inafika pabwalo pawo chokokedwa ndi akavalo, n'kukhala pomwepo nkhuku zikuikiramo mazira. Anaidzutsa ndi Esenkul, ndipo ankaikonda kuposa mmene amuna ena amakondera akazi awo.

Chaka chathachi ndiye anapenga ndi china. Kuseri kwa garaja yakale kunali chimakina chopemerera chipale chofewa, chija amamangirira ku thirakitala, chimameza chipale ndi chitsulo chopotapota n'kuchilavulira kutali kudzera pa chumuni. Dzimbiri linali litachidya, udzu utamera m'kamwa mwake. Esenkul anachikokera m'shedi ya bambo ake, poti n'kumene kunali magetsi amphamvu owotcherera zitsulo.

Anagwira ntchito munthu uja! Tcheni anakachotsa pa makina akufa okololera tirigu. Mano a chitsulo chopota anawawongola limodzilimodzi ndi hamala. Chumuni inali yaifupi, inkabwezera chipale kumaso kwa woyendetsa, ndiye anaitalikitsa ndi chidutswa cha mgolo, n'kuilumikiza ku chiwongolero cha galimoto yakale kuti aziitembenuza ali chikhalire pampando. Zala zinang'ambika ndi kuzizira, chikhadabo chimodzi chinatsalira pa tcheni.

Mkazi wake, Sairagul, sankasangalala nazo.

"Bambo ake a Nurzat, mutu wanu ukuyenda koma? Mukukongoletsa chitsulo pabwalo la eni. Chikokereni kuno bambo akadali moyo, anene ndi pakamwa pawo kuti n'chanu."

"Eni ake ati? Si kwathu komwe kuja?"

"Kwanu n'kuno. Kuja n'kwa Kubat. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Esenkul ankadziwa zimene mkazi wake ankanena. Kwathu kuno ana aakulu amawamangira nyumba, kuwapatsa nkhosa zoyambira, basi achoke. Nyumba ya bambo ndi chilichonse chogona pabwalopo zimatsalira mwana womaliza, poti ndiye amasunga makolo akakalamba. Mwambo wabwino ndithu, womalizayo akakhala kuti alipo. Koma Kubat anali ku Moscow zaka ndi zaka, akuyendetsa takisi, makolo akuwasunga pa foni. Malasha, udzu wa ziweto, kuthamangira kuchipatala, zonsezo anali Esenkul.

"Kubat akaitani thirakitala ku Moscow? Azikanyamuliramo anthu?" Anaseka Esenkul, n'kubwerera kushedi.

A Ormon anamwalira pakatikati pa nyengo yozizira, chipale chitatseka msewu wochokera kutala mpaka m'chiuno mwa munthu. Anthu anaimika chihema chaubweya pabwalo n'kugonekamo thupi, kavalo wodyetsa anthu pamaliro anaphedwa, koma a Kalicha, mayi wa Esenkul, anakanitsitsa.

"Mwamuna wanga salowa m'manda Kubat asanafike."

Ndiye Esenkul analiza thirakitala. Aka kanali koyamba chimakina chija kukumana ndi chipale chenicheni, ndipo sichinamuchititse manyazi. Chinameza, chinalavula, chipale chikuuluka kukagwera kuseri kwa mitengo ya magetsi. Dzuwa lisanapendeke anali atafika kutala, kumene Kubat ndi abale ena akutali ankadikira m'magalimoto.

Kubat anamukumbatira akulira mokweza monga mwa mwambo. Atapukuta misozi anatulutsa foni.

"Achimwene, ndinu mfiti inu! Ichi mwapanga nokha? Tachilizaninso ndijambule."

Esenkul anachiliza, natembenuza chumuni uku ndi uku kuti chioneke bwino. Bambo ake ali chigonere m'chihema, iye mtima unamukoma. Mpaka lero akakumbukira amalavula malovu.

Maliro atatha, akuluakulu akumwa tiyi wotsanzikana, pabwalo panalowa lole. Munatsika bambo wachilendo wa jekete lonyezimira, n'kuyamba kuzungulira thirakitala akumenya matayala ndi nsapato. Kubat anakhosomola.

"Achimwene, musakwiye. Kanema uja anamuona mkulu uyu, ali ndi malo ogona alendo ku Karakol. Wazikonda zonse ziwiri, thirakitala ndi chinzakecho, ndipo akuzigula."

"Wakonda za yani?"

Kubat anayang'ana a Moldokul, bambo awo aang'ono. Iwo anaika kambale ka tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Zitsulozi zimagona kuti, mwanawe?"

"Pabwalo pano. Koma bambo, manja amene..."

"Ndafunsa pogona, sindinafunse za manja. Nyumba unapatsidwa, nkhosa unapatsidwa. Ukufuna udye kawiri? Chibale ndi fupa, sichiola, usachiswere chitsulo."

Esenkul anatembenukira kwa mayi ake. Iwo ankadziwa amene ankawadzukira m'mamawa kukasonkha moto, ankadziwa amene anabereka a Ormon kumsana miyendo itakana. Mawu amodzi okha akanakwana. A Kalicha anayang'ana m'kambale kawo.

"Usandichititse manyazi pamaso pa anthu, mwana wanga. Dothi la bambo ako silinakhazikike n'komwe."

Esenkul anadzuka osatsanzika. Ali kunyumba kwake anamva thirakitala ikulira ikukwezedwa m'lole pachitunda chokwezerapo nkhosa, woyendetsa akukukuta magiya ngati akuswa mafupa. Sairagul anangomuikira tiyi. Bola akanamulalatira.

Kenaka kunauka mphepo. Amene anakhalako kuno akudziwa kuti siifuna chipale chatsopano, imangokokolola chakale m'mapiri n'kuchiunjika mumsewu. Lole inakatitimira pampata wa pakati pa zitunda, kumbuyo kwake magalimoto a anthu ochokera kumaliro, amayi ndi makanda omwe, ndi takisi imene anakwera Kubat.

Sanatume munthu wina. Anabwera a Kalicha eni ake, ndi ndodo yawo, mpango utayera ndi chipale.

"Esenkul, mng'ono wako ndege imusiya mawa, ntchito imuthera. Anthu aja chimakina chako chawakanika."

"Changa, amayi? Tsopano chasanduka changa?"

Anangoima pakhomo akunjenjemera, nkhalamba yoti yangoika mwamuna wake. Esenkul anatukwana chamumtima, anatukwana Kubat, a Moldokul, mwambo ndi amene anauyambitsa, kenaka anakamanga chishalo pakavalo.

Pampata paja anatsitsa thirakitala pa matabwa anthu onse akuonerera. Anakhala pampando wake, pamene panali patatenga kale maonekedwe a thupi lake, n'kugwira chiwongolero cha chumuni. Mumtima ankapempha kuti tcheni iduke, giya ithyoke, chilichonse, bambo wa jekete uja anene kuti sakuchifunanso. Ayi ndithu. Chinagwira ntchito kuposa tsiku loyamba lija, poti anachikonza ndi Esenkul. Chinatsegula msewu wonse mpaka kutala, lole ikutsatira pambuyo ngati mwini ng'ombe popita kumsika.

Kumphambano kuli chitunda china chokwezerapo nkhosa. Anakweza thirakitala yekha, n'kuimanga matcheni yekha, kuopa kuti angaigwetse panjira. Bambo wa jekete anamugwira chanza.

"Muli ndi manja abwino, akulu. Chikadzavuta ndidzakuimbirani."

Takisi inaima pambali pake, Kubat n'kutsitsa galasi.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Amayi muziwayang'anira. Ndaona malasha atsala pang'ono kutha."

Galasi linakwera, magalimoto ananyamuka. Esenkul anabwerera wapansi kukatenga kavalo pampata paja, ndipo pamene ankafikapo n'kuti mphepo itayamba kale kukwirira msewu. Kunyumba anapeza Sairagul atatulutsa fosholo, ataitsamiritsa pakhomo. Anainyamula n'kulunjika pabwalo la Kubat, poti njira ya amayi yopita kuchimbudzi inali itatsekeka.