Kanyemba Kanga Mwakadziwa Bwanji?

"Ndinu kazitape, bambo inu! Kazitape wovala magalasi!"

Ndinakuwa ndisanalowe n'komwe m'kashopu kake. Anthu amamutcha Dokotala chifukwa cha chikwangwani cha pakhomo pake: Dokotala wa Makompyuta. Anali atawerama patebulo lodzaza mawaya, sikuludiraiva ili kukamwa ngati ndudu. Pabenchi panali mayi wina ndi mkulu wina wa tayi, atafungata malaputopu ngati ana odwala.

"Moni kaye, chemwali. Sikirini ija yavutanso?"

"Sikirini ili bwino. Chavuta ndi pakamwa panu."

Sabata yatha ndinamubweretsera laputopu yosweka galasi, basi. Anandipempha pasiwedi. Nditanyinyirika anaseka: "Kwa dokotala sachita manyazi, amavula." Ine ndi kupusa kwanga ndinavuladi. M'laputopumo munali chithunzi cha sikani ya mimba yanga, cha kuchipatala. Ndinachitcha Kanyemba, poti ndi mmene mwanayo ankaonekera. Sindinauze munthu, ngakhale mayi anga. Kufamase komwe ndimagulitsa mankhwala ndidakali poyesedwa, ndipo ndinkadikira andilembe kaye ntchito yokhazikika.

Lero m'mawa abwana anandiitanira mu ofesi, akumwetulira. "Kanyemba kadzuka bwanji? Mwezi ukatha mukapume kunyumba. Pakauntala pamafunika munthu wopepuka." Makompyuta a kufamase amakonza ndi Dokotala yemweyu, ndipo awiriwa amamwera limodzi.

"Mwatsegula zithunzi zanga, mwakaulula kwa abwana anga," ndinatero. "Ntchito yandithera chifukwa cha inu."

Dokotala anachotsa sikuludiraiva kukamwa. "Iwe mtsikana, usandinyozere pamaso pa makasitomala. Ine ndimakonza zitsulo, za anthu sindiwerenga."

"Nanga pasiwedi munkaifuniranji posintha galasi?"

"Kuyesa! Ukudziwapo chiyani za makompyuta iwe? Kafunse anzako omwe umanong'onezana nawo. Akazi nkhani imakuyabwani m'kamwa." Anatembenukira kwa mkulu wa tayi uja, akuyembekeza kuti aseka naye. "Mwamva, achimwene? Ntchito yonseyi, ine ndikhale ndikulondera tinyemba ta eni?"

Mkuluyo sanaseke. Mayi uja anandiyang'ana.

"Mwana wanga, nyemba zabwera bwanji? Unatchulapo nyemba iwe?"

"Ayi, mayi. Sindinatchule nyemba, sindinatchule mimba. Ndangoti zithunzi."

Mayiyo anatsekera laputopu yake m'chikwama, zipi n'kukoka mpaka kumapeto. Dokotala anayamba kupukuta magalasi ndi malaya, kupukuta, kupukutabe.

"Ndi kuyankhula chabe," anatero. "Munthu sangatchule nyemba?"

Ndinamenya tebulo, tizitsulo take n'kumwazika pansi. Anawerama kuti atole, ine n'kupondapo.

"Musatole! Dokotala weniweni amaona maliseche a munthu n'kukhala chete mpaka kumanda. Inu munandivula n'kukandiyanika kumowa. Dzina limenelo timalidziwa awiri, ine ndi laputopu yanga. Dzukani, mundiyang'ane kumaso, anthuwa akumva. Kanyemba kanga mwakadziwa bwanji? Yankhani!"