Galimoto ya Abwana M'madzi Amchere

Everson anadzitcha mkulu wa zokopa alendo asanapondeko n'komwe m'chipululu. Anali dalaivala wa banja lina ku Al Aziziya, mumzinda wa Doha, koma lamulo lolola munthu kusintha ntchito litangotuluka, anayamba kuyenda ngati mwini kampani. Ine ndi Jemimah, anamwino awiri otopa ndi odwala kolona, ndife tinamupatsa tsiku lathu lopuma kuti ayeserepo luso lakelo.

Galimoto imene anadzatitengera ku Old Airport, dera lomwe tinkakhala, inali ya abwana ake. Iwo anali pa mbindikiro kuhotela ndipo sankadziwa kanthu.

"Akamatuluka mawa aipeza pamalo pake, yotsukatsuka, ntchito yanga ili bwinobwino," anatero Everson. "Tiyeni, masisteri, kwerani."

Njira yonse ya ku Salwa ankatilozera zimene ankati n'zodabwitsa. Ngamila yowonda. Malo omwetsera mafuta. Kenaka anaimika galimoto pa mulu wa miyala yoyera, n'kutiuza kuti alendo amachoka kutali kudzaijambula.

"Achimwene," anatero Jemimah, "miyala ngati iyi kwathu ku Dedza timapunthwa nayo popita kuchigayo."

Masana tinafika kugombe. Anthu onse anali ataimika magalimoto awo kumtunda, kutali ndi madzi. Everson anawaseka, n'kudutsa mpaka pamchenga wosalala wa m'mphepete mwenimweni, pomwe anakhomapo kahema kake kobwereka. Bambo wina wachikulire anatiimbira hutala kwinaku akuloza kunyanja. Everson anangomubayibitsa.

"Amantha awa. Ine ndakulira ku Nkhotakota. Nyanja pamene yalekeza m'mawa ndi pomwe imaswera."

Chakudya chimene analonjeza kuti n'chapamwamba chinali mpunga wadzulo, nkhuku youma ngati chikopa, ndi tiyi wopola. Tikulimbana ndi nkhukuyo, iye anali kalikiliki kudzijambula atatsamira galimoto, masiki ataitsitsa pachibwano.

"Esnat," anandiitana Jemimah, "nkhwaira yako ikupita kuti?"

Inali ikuyandama. Madzi anali atalowa m'hema mwakachetechete, ndipo matayala akutsogolo anali atamira kale theka.

"Abwerera amenewa," anatero Everson. "Ndi mphepo chabe."

Sanabwerere, poti nyanja yamchere ili ndi nthawi yake yodzaza. Everson atailiza galimoto, matayala anangokumba dzenje n'kukhalamo. Anaponda moto kachiwiri, galimoto n'kugona ndi mimba. Anayesa kufukula mchenga ndi chivindikiro cha poto. Anatipempha kuti tikankhe.

"Ine ndinalipira ngati mlendo," anatero Jemimah, atanyamula chikwama pamutu. "Alendo sakankha."

Amuna angapo anatsika kumtunda ndi chingwe, koma atafika pamene madzi anali m'maondo anapukusa mitu. Palibe amene akanaika galimoto yake pamenepo chifukwa cha munthu amene amawaseka. Banja lina la Chifilipino linati litisiya ife awiri ku Doha.

Tikukwera, ndinacheuka. Madzi anali atafika pazitseko. Everson anatulukamo, n'kuyenda mpaka pouma, foni ili m'manja. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaimba, n'kugwada pamchenga, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ngati kuti abwanawo aima patsogolo pake.

"Bwana, muli bwanji kumeneko?" tinamumva akutero. "Ayi, kunyumba kuli bwino. Koma galimoto ija ili kuno kunyanja."

Jemimah anakweza galasi la zenera.