Foni Yosokeredwa Mumpando

Asiponji, katswiri wokonza mipando ya sofa, anazindikira kuti foni yawo yasowa lole yonyamula mipando itanyamuka kale. Anapisa m'matumba, anakhuthula masaka a zidutswa za nsalu, anasuzumira ngakhale m'chitini cha guluu. Kenako anakumbukira. M'mawa uja anaiika m'kati mwa mpando kuti tochi yake iwaunikire pokhoma masipuling'i, ndipo atatha anatseka kunsi ndi nsalu yakuda, mwaluso lawo lonse. Mipando khumi ndi iwiri yofanana ngati mazira inali paulendo ndi wamalonda wokagulitsa kutali, ndipo nambala ya wamalondayo inali mufoni momwemo.

Foniyo payokha sinali yoti n'kuilirira, galasi lake linali long'aluka kalekale. Chimene chinawadetsa nkhawa ndi mawu a malemu amayi awo, uthenga umodzi wokha umene anawatumizira chaka chatha. Kwina kulikonse kunalibe.

Anathamangira kwa mlamu wawo, mayi wosindikiza makadi pashopu ya pakona.

"Alamu, ndasokerera amayi mumpando!"

Mlamuyo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Khalani pansi, bambo inu. Mwaiwala kuti foniyo ndinailumikiza ndi kompyutayi, muja munkandivutitsa ndi zithunzi za mipando zoti ndisindikize? Ngati ili yoyaka ndipo bandulo ilimo, tiitsegula konkuno."

"Ili mulole, alamu. Pamsewu."

"Kaya ili kumwezi."

Mlamuyo anadina apa ndi apo, nalemba mawu achinsinsi, ndipo pasikirini panatulukira kafoda ngati kuti wabayapo fulashi. Asiponji anagwira pakamwa. Zonse za mufoni zinali mbwee pamaso pawo.

"Koma tochi munaisiya chiyakire, eti? Ndiye batire sichedwa. Sankhani msanga, titenge ziti?"

Munali zithunzi za ntchito yawo ya zaka zisanu, zimene ankanyengerera nazo makasitomala. Sanazicheukire n'komwe.

"Mawu a amayi basi."

Tsoka ilo, mauthenga a mawu analibe mayina. Anali manambala okhaokha, mazanamazana.

"Anatumiza liti?"

"Tsiku lija ndinaiwala chipewa."

"Alamu, limenelo ndi tsiku lililonse!"

Asiponji anakanda mutu. "Sabata imene inu munachira mwana wachiwiri."

Mlamuyo anasankha mauthenga onse a sabata imeneyo n'kuwakokera pakompyuta. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, kenako kanaima njii.

"Lole yalowa kopanda netiweki," anatero mlamuyo.

Asiponji anachita mantha zedi. Anayamba kukupiza kompyutayo ndi katoni, ngati kuti vuto ndi kutentha, ndipo mlamu wawo anangowasiya. Kamzere kaja kanasunthanso, kanayenda pang'ono, basi foda yonse zii. Foni inali itazima.

Mauthenga amene anafika anali anayi okha. Woyamba unali wa kasitomala wodandaula kuti mpando ukulira akakhalapo apongozi ake. Wachiwiri ndi wachitatu, yemweyo. Mlamuyo sanasekenso. Anadina wachinayi.

Kunamveka kutsokomola, kenako mawu aja.

"Iwe, chipewa chako wachisiyanso kuno. Mwana iwe, tsiku lina udzadzisokerera wekha mumpando. Ubwere udzatenge, ndakusungira."

Onse awiri anaphulika ndi kuseka, mpaka kasitomala amene ankadikira makadi ake anasuzumira pakhomo. Asiponji anapukuta m'maso ndi dzanja la guluu, nasendeza mpando pafupi ndi sipika.

"Ibwerezeni, alamu."