Mawondo a Micah

Ndisanayambe kugwira ntchito kunyumba kwa bambo Courtney ku Walsall, bezibo ndinkangoidziwa ngati masewera a anthu ovala zipewa amene amathera nthawi yambiri ataima, akutafuna chingamu. Ine ndinakulira ku Kawale, ndine wa mpira wamiyendo. Koma ukamalowa m'nyumba ya munthu kanayi pa tsiku, kumudzutsa, kumusambitsa ndi kumupatsa mankhwala, umayamba kudwala matenda ake omwe. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditayamba kale kunyoza kochi wa timu ya ku America imene sindinaionepo ndi maso.

Bambo Courtney anali ndi zaka 83. Anabadwira ku Jamaica, ali mnyamata anakadula nzimbe ku America, ndipo n'kumene anatola bezibo ngati chifuwa chosamva mankhwala. Kenako anabwera ku England n'kugwira ntchito m'fakitale yosungunula zitsulo mpaka kupuma. Akazi awo anamwalira kalekale. Anatsala ndi mwana mmodzi, Angel, amene banja lake lili ku Foleshill, ku Coventry. Masiku asanu pa sabata Angel ankagona pa sofa kwa bambo ake, ana ake awiri atawasiyira mwamuna wake.

Masewerawo ankachitika ife tili m'tulo, choncho madalawo ankaonera m'mawa wake pa tabuleti, nditawakhazika pampando ndi kapu ya tiyi. Tsoka kwa munthu wowauziratu amene wapambana. Maso awo anali atafooka, ndiye akamaliza kuonera, ntchito yowerenga ndemanga za masapota inali yanga. Ankandikakamiza kuti ndiziwerenga ndi mkwiyo womwe analembera eni ake.

Chaka chimenecho masapota anagawanika pa munthu mmodzi, Micah. Ntchito ya Micah inali kunjuta kumbuyo kwa womenya mpira n'kumawakha mpira uliwonse umene wadutsa. Anali atanjuta choncho zaka khumi ndi zisanu mu timu yomweyo, ndipo tsopano mawondo anali atamuthera. Akamadzuka, ngakhale ine ndinkamva kupweteka. Kontirakiti yake inali kumapeto, ndipo akuluakulu a timu ankayenera kusankha pakati pomuwonjezera chaka china ndi kukweza mnyamata wina wa ku timu yawo yaing'ono amene aliyense ankamutama.

Sapota wina analemba kuti akamuchotsa Micah, iye awotcha jezi yake. Wina anamuyankha kuti awotche basi, jezi siwakha mpira. Panali mkulu wina wokonda manambala amene tsiku lililonse ankabwera ndi chiwerengero cha mipira imene yamupulumuka Micah, ngati wotolera msonkho pamsika. Mayi wina anangofunsa kuti mwana wake anamupatsa dzina loti Micah, ndiye atani naye mwanayo.

Ine ndinali kumbali yoti Micah asachotsedwe. Ndinkawauza bambo Courtney kuti kwathu timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kuti anyamata omuponyera Micah mpira amafunika munthu wowakhazika mitima pansi zinthu zikavuta. Ndinkayembekezera kuti nkhalamba iikira kumbuyo nkhalamba inzake. Ndinalemba m'madzi. Iwo ankati Micah apite, ndipo apite akuyenda yekha, asadikire machira. Ankati mnyamata uja akukalambira ku timu yaing'ono chifukwa cha anthu a mitima yofewa ngati ine. Tinkakangana mpaka nthawi yanga kutha, ine n'kuthamangira basi ndikuyankhula ndekha.

Apa ndinene chinthu chimene sindinkauza munthu. Bambo Courtney anali atayamba kugwa.

Koyamba ndinawapeza masana atakhala pansi pakati pa bedi ndi mpando, atakhalapo pafupifupi ola lathunthu. Kachiwiri kunali kubafa. Kachitatu anagwera pakhomo lakumbuyo, ndipo ntchafu inada bii kwa masabata awiri. Wowasambitsa ndinali ine, choncho Angel sanaone. Lamulo la ntchito yathu ndi losavuta: munthu akagwa suyenera kumudzutsa wekha, umaimba ku ofesi, ndipo umalemba m'buku limene limakhala pa tebulo la kukhitchini. Ine katatu konse ndinawadzutsa ndekha, ndipo m'buku ndinalemba kuti ali bwino, adya, amwa mankhwala.

Ndinkadziuza kuti ndi chikondi. Ndinkadziwa kuti kugwa kukachuluka m'buku, a khonsolo anena kuti madalawo asamukire ku nyumba yosungirako okalamba, ndipo kwa ine kumeneko kunali kutaya munthu. Zimenezo si zabodza, ndinkawakondadi. Koma theka lina linali mimba yanga. Kampani yathu inali itataya makasitomala angapo, ndipo maola anga ambiri anali a nyumba imeneyi. Viza yanga ndi yomangirira ku kampaniyo. Ntchito ikatha, umapatsidwa masiku owerengeka kuti upeze ena okulemba, ukalephera umakwera ndege. Ndili ndi mkazi ndi ana atatu ku Lilongwe amene amadya chifukwa choti ine ndili kuno.

Lolemba lina ndinawapeza tabuleti ili yozimitsa. Anandiuza kuti Angel wabwera ndi nkhani yabwino: Lachinayi kukubwera mayi wa ku khonsolo kudzaona ngati angapitirize kukhala pakhomo, ndipo Angel wawerenga buku lonse, sanapezemo kugwa ngakhale kamodzi. Angel anasangalala mpaka kuwapsompsona pamphumi.

"Osborne," anatero, "unkalemba chiyani m'buku muja?"

Ndinangoima nditagwira thaulo.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiuza modekha kuti iwo akufuna kupita. Anali ataiona kale nyumba ina yosungirako okalamba pafupi ndi paki, kumene kuli mnzawo wakale wa ku fakitale. Anati mdzukulu wawo wamng'ono wayamba kusiya kufunsa kuti amayi abwera liti, ndipo mwana akasiya kufunsa ndiye kuti zinthu zaipa. Anati Angel sangawalole kupita pokhapokha ataona kuti pakhomo pano pakhoza kuwapha.

"Ine kumuyang'ana mwana wanga n'kumuuza kuti ndatha, pakamwa sipalola," anatero. "Ndimati buku lindiyankhulira."

Ndinawauza zoona zanga. Ndinati ndikaulula tsopano kuti ndinabisa kugwa katatu, ntchito yatha, ndipo viza ipita nayo limodzi. Kenako anandipempha kuti ndiyatse tabuleti, ndipo tinaonera masewera. Micah anaphonya mpira umodzi wosavuta, n'kuukwawira ngati mwana. Kamera inaonetsa kochi akuyang'ana pansi.

"Ukumuona uyo?" anatero bambo Courtney. "Amamukonda Micah, sindikukana. Koma akuopanso masapota, akuopa ntchito yake. Akamamusunga, sindikudziwa kuti akusunga ndani kwenikweni. Lachinayi adzakufunsa, Osborne. Ine sindikuuza chonena."

Masiku awiri otsatirawo ndinagwira ntchito ngati munthu wobwerekedwa. M'basi ndinkakonza mawu. Ndikafika pa siteji ina ndinkakhala nditatsimikiza kuti ndiulula, ndikafika pa yotsatira n'kukhala nditabweza. Ndinaimbira mkazi wanga, koma atayamba kundiuza za mwana wathu wamkulu amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, ndinangomuuza kuti kuno kukuzizira.

Lachitatu kunatuluka nkhani yoti timu yamuwonjezera Micah chaka china. Masapota ambiri anavina. Mayi wa mwana uja analemba mawu othokoza Mulungu, mkulu wa manambala n'kulengeza kuti wasiya kutsatira timuyo, ngakhale madzulo ake anali atalembanso kawiri. Bambo Courtney anangoti akuluakulu a timuyo ndi amantha. Ine mbali yanga inali itapambana, koma ndinawerenga ndemanga zonsezo mtima uli zii. Ndinkachita manyazi.

Lachinayi tinakhala asanu pabalaza. Panali mayi wa ku khonsolo ndi laputopu yake, Angel, madalawo, ine, ndi a Ellah, bwana wanga wa ku ofesi. A Ellah ndi a ku Zomba, akhala kuno zaka makumi awiri, ndipo ndi amene anandithandiza kupeza chipinda nditangofika. Angel anayankhula bwino kwambiri. Anati bambo ake anamanga moyo wawo wonse m'nyumba imeneyi, kuti iye satopa, kuti ana ake akumvetsa. Anatsegula buku n'kuliika pa tebulo, chala chili pa zolemba zanga.

Mayi wa ku khonsolo anatembenukira kwa ine. Anati popeza ndine amene ndimawaona kwambiri, kodi pali chilichonse chimene chikundidetsa nkhawa pa kayendedwe kawo.

Ndinayang'ana bambo Courtney. Iwo ankayang'ana pawindo. Anasungadi mawu awo, sanandipatse chizindikiro chilichonse. Ndikanati palibe, msonkhano ukanatha mu mphindi khumi, ndipo ndikudziwa kuti sakanandiulula.

"Agwa katatu," ndinatero. "Kuyambira mwezi wa Marichi. Kachitatu anavulala ntchafu."

Angel anachotsa chala chake pa buku. Mayi uja anasiya kutaipa. A Ellah anaiwala kuti tili pakati pa anthu osamva chinenero chathu, n'kundifunsa m'Chichewa, mawu ali pansipansi.

"A Osborne, ma fall atatu, osaripota ku office? Mu ma notes mulibe. Mukudziwa kuti imeneyi ndi ya dismissal?"

Ndinkadziwa kuti ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinaopa kutaya maola, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti ngati ndikumira, ndimire ndanena zonse. Bambo Courtney Chichewa sankamva, koma nkhope ya bwana wokwiya ndi imodzi dziko lonse.

"Ndinamuletsa ndine," anatero.

Onse anatembenukira kwa iwo. Anafotokoza mosadodoma, ngati nkhani imene anaikonza kale. Anati tsiku loyamba lija anali atadzinyowetsa, ndipo anandigwira mkono n'kundilumbiritsa kuti ndisalembe. Anati anandiopseza kuti ndikalemba, auza ofesi kuti sakundifunanso. Anati mlendo m'dziko la eni, woti waopsezedwa ndi mwini nyumba, angatani? Anamaliza n'kunena kuti ngati pali woti alangidwe ndi iwo, ndipo ali okonzeka kukagwira ukaidi wawo ku nyumba ija ya pafupi ndi paki.

Palibe liwu limodzi loona m'zimene ananenazo. Munthu amene miyezi yonseyi ankandiphunzitsa kuti mtima wofewa umawononga timu, ananama pamaso pa mwana wake kuti ine ndisachotsedwe. Ndikanatha kuwatsutsa. Mayi wa ku khonsolo anandiyang'ana n'kufunsa ngati zinalidi choncho. Ndinaganiza za ana anga, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomera.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Angel analira, n'kuwakalipira bambo ake kuti kunyada kwawo kukanawapha ali okha pansi. Iwo anavomera zonse, mutu uli pansi. Kenako anamuuza kuti akufuna kusamuka, ndipo kwa nthawi yoyamba Angel sanatsutse. Anangofunsa ngati nyumbayo imalola alendo Lamlungu. A Ellah anandiuza kuti ngakhale kasitomala akuletse umayenera kulemba, kuti ndilandira kalata ya chenjezo ndipo ndibwereza maphunziro. Za kuchotsedwa sanazitchulenso.

Alendo atapita, ndinawaperekeza madalawo kuchimbudzi monga mwa nthawi zonse. Tili awiri m'kanjira, ndinayamba kunena kuti sindikudziwa ndiwathokoze bwanji. Anandidula. Anati ndiyang'ane kumene ndikuwapondetsa, sakufuna kugwa kachinayi chifukwa cha kulongolola kwanga.

Pamene ndinkavala jekete kuti ndizipita, Angel ananditsatira pakhomo, maso ali ofiira. Anagwira manja anga onse awiri. Anapepesa m'malo mwa bambo ake. Anati akudziwa mmene alili ouma mutu, ndipo akumva chisoni kuti anandisenzetsa chinsinsi cholemera choncho kwa miyezi yonseyi.

"Mukanapanda kulimba mtima lero, ndikanadzawapeza atafa," anatero. "Ndinu munthu wabwino, Osborne."

Ndinamuyankha kuti palibe kanthu. Bambo ake anasamuka patatha masabata asanu, ine ndinapatsidwa makasitomala ena ku Bloxwich, ndipo Khirisimasi iliyonse Angel amanditumizira khadi. Mpaka lero sindinamuuze zoona.