Balu wa Mumphako

Nthenga zovinira zinatha ndi mphemvu. Balu Usun, amene ankatsogolera gule wa amayi a mtundu wotchedwa Akenya m'nyumba yaitali yokhalamo mudzi wonse ya m'mbali mwa mtsinje wa Baram, anatsegula bokosi chikondwerero cha mpunga chitayandikira n'kupezamo timitengo tokhatokha.

Sanachedwe ndi madandaulo. Anagula nthenga za atsekwe, nakhala pakhonde n'kumazipaka mzere wakuda kuti zifanane ndi zakumchira kwa temengang, chimbalame chamlomo waukulu chija. Anali mkati mopaka pamene Jalong, mng'ono wa malemu mwamuna wake, anatulukira mfuti ili paphewa.

"Alamu, alendo ochokera kumunsi kwa mtsinje adzati chiyani? Akuti ife Akenya a kuno ku Baram masiku ano tikuvina ngati abakha?"

"Ndi atsekwe."

"Bakha, tsekwe, onse ndi apamatope. Ine ndapeza mtengo. Temengang yaimuna imabwera m'mawa uliwonse, mchira wake mpaka apa. Chipolopolo chimodzi basi."

Usun anaika nthenga pansi. Nkhani yoletsa kuombera mbalamezi anaikamba kutchalitchi, anaikamba pamsonkhano, mpaka lilime kuuma. Za lamulo la boma Jalong ankangoseka, amvekere boma silikwera mitsinje yamiyala. Komatu sanali munthu woipa. Iyenso anakula akuona mayi ake akuvina, nthenga zenizeni zikutambasuka m'zala ngati mbalame ikutera, ndipo Usun mwiniwake ankadziwa kuti za tsekwe n'zouma, sizimvera dzanja. Chimenechi n'chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri.

"Imabwera m'mawa kudzatani?"

"Kudzapereka nkhuyu pabowo."

"Kwa yani?"

"Kwa mkazi wake, nanga kwa yaninso! Anadzimatira mumphako ndi mwana, kwangotsala kampata ka mlomo."

"Nthenga zake zinathothoka m'menemo, kuuluka sangathe. Ndiye mukaombera mwamunayo, mkaziyo tizimutchula ndani?"

Jalong anayang'ana kumtsinje. Kwao kuno mkazi akafedwa mwamuna dzina limasintha, patsogolo pamabwera Balu, ndipo Jalong yemweyo ndi amene anayamba kumutchula Usun choncho pochoka kumanda.

"Aaa, alamu, ndi mbalametu."

"Pitani kaombereni. Koma Balu wa mumphakoyo akhala wanu. Muzikwera mtengo ndi nkhuyu kukamwa m'mawa uliwonse mpaka mwana atatuluka. Kapena mumusamala mmene mwandisamalira ine? Chimwalirireni akulu anu ndikudikirabe nsomba yoyamba."

Amayi amene ankapeta mpunga chapafupi anaphulika kuseka. Mmodzi anakuwa kuti mimba ya Jalong ithyola nthambi asanafike pabowo.

"Chabwino! Ndikangotola nthenga zogwa zokha. Kutolanso n'kulakwa?"

"Mukatola imodzi, mawa anyamata onse adziwa mtengowo, ndipo aliyense wobwera ndi nthenga azidzati anatola. Magazi apanthenga amachapika, alamu."

"Ndiye munthu atani? Kuombera ayi, kutola ayi!"

"Khalani pansi."

Anaima kanthawi akung'ung'udza za atsekwe ndi akazi olamula amuna. Kenako anatsamiritsa mfuti kukhoma, nakhala pamkeka mwamphamvu mpaka matabwa analira. Usun anamukankhira mbale ya utoto.

Nthenga yoyamba anaipaka mzere pakati penipeni, wokhota.

"Inu mwakhala mukusuzumira mchira wa temengang m'mawa uliwonse, osadziwa pamene mzere umakhala? Chakunsonga! Bweretsani kuno, mundithera nthenga."

"Ayi, ndipatseni ina," anatero Jalong, dzanja lili bii.