Mwendo wa Kaputeni

Ine pa nkhani ya Osaka Madzi musandiyambe dala. Mafilimu atatu onsewo ndinawaonera mpaka matepi kudukaduka, ndipo mawu a Kaputeni ndimawanena iye asanatsegule pakamwa. Amene simuwadziwa, pepani kwanu. Ndi nkhani ya anthu amene dziko lawo linauma gwa, ndiye akuyendayenda m'nyenyezi ndi chombo chokalamba kufunafuna madzi. Wowatsogolera ndi mkulu wina wotsimphina, wosaseka, amene m'mafilimu atatu onsewo sananenepo chimene chinachitikira mwendo wake. Mwana wanga ali wamng'ono anaona mwendo wa mkuluyo, n'kuona dzanja langa lamanja limene lilibe zala ziwiri, basi n'kuyamba kunditchula Kaputeni. Dzinalo linamera mizu. Lero ngakhale odzagula mipando pashopu panga amanditchula choncho.

Mwanayo anakula, ndi nesi tsopano, ndipo ukwati wake unali utatsala milungu itatu. Makhadi onse anali atapita kupatula limodzi, la amalume ake, mchimwene wa malemu mkazi wanga. Limeneli linali pashelefu m'shopu mwanga, pakati pa chitini cha guluu ndi bokosi la misomali, likudya utuchi.

"Munthu amene anandidula zala asadzaponde pa ukwati wako," ndinamuuza. "Akabwera iye, ine ndikhala panyumba."

Mwanayo ankadziwa zimene aliyense ankadziwa: kuti kalekale, ine ndi alamu angawo tikugwira ntchito kufakitale ya mipando, iwo anachotsa chotchinga pa macheka a magetsi, zala zanga n'kupita, iwo n'kuchotsedwa ntchito. Mwana wangayo sanalimbane nane. Anangoti amayi ake akanakhalapo akanalira, kenaka n'kusiya khadilo pomwepo.

Loweruka masana anatulukira ndi matikiti awiri. Kwatuluka filimu yachinayi, akuti yosonyeza Kaputeni ali mnyamata, zonse zija zisanachitike.

"Vulani ovololo, a Kaputeni. Lero mukaona kumene mwendo unapita."

"Iwe a Nesi, ine ndikudziwa kale. Anavulala akutchinga chitseko cha chombo adani atabwera. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza anthu zimenezo."

"Ndiye tiyeni mukadzionere kuti munalondola."

M'holo munali kuzizira ngati m'firiji, mipando yake yofewa koma zolumikiza zake zachibwana, ine ndinaigwedeza ndisanakhale. Filimu itayamba, sindinachedwe kupeza zolakwa. Choyamba, chombo. Nkhaniyi akuti ndi ya zaka makumi atatu m'mbuyo, koma makina ake akuphethira magetsi ndi magalasi kuposa a m'mafilimu akale aja, momwe anthu ankamenya mpope ndi sipanala kuti uyambe. Kodi zinthu zimayamba zapamwamba n'kumabwerera m'mbuyo? Chachiwiri, mantha panalibe. Mnyamatayo alendewere pamwamba pa phompho, nyimbo zilire mokweza, ine ndili phee, poti ndinamuona kale ali ndi imvi. Ndiye anamupatsa chibwenzi, mtsikana wokongola amene m'mafilimu atatu aja mulibe. Atangolowa ndinamunong'oneza mwana wanga kuti, "Uyu tiyambiretu kumulira."

"Bambo, anthu akumva!"

Chimene chinandinyansa kwambiri ndi kufotokoza chilichonse. Chipewa chake anachitenga kuti, afotokoze. Mluzu umene amaimba anauphunzira kwa ndani, afotokoze. Abale, ndani anafunsa? Mpando wabwino suonetsa misomali yake.

Koma chilungamo ndinene, pakuti ine sindine wa kaduka. Mnyamata amene anamusankha kuti asewere ngati Kaputeniyo ndi katswiri. Kakandidwe ka chibwano, kayang'anidwe ka cham'mbali, ndi Kaputeni weniweni. Ndipo ankaseka. Ndinamuona munthu uja akuseka, akuthamanga ndi miyendo iwiri yabwinobwino. Phokoso la mipope nalo analikonza bwino, limamveka m'nthiti.

Kenaka inafika nkhani ya mwendo. Kunalibe adani, kunalibe chitseko. Mnyamatayo anali pa ulonda woyang'anira thanki yaikulu ya madzi, ndipo anagona chifukwa anali atamwa. Mpope unaphulika, chitsulo n'kumuphwanya mwendo, madzi a miyezi itatu n'kutayikira mumlengalenga. Mnzake wapamtima ndiye anamukoka pansi pa chitsulocho. Akuluakulu atafunsa kuti anali pa ulonda ndani, mnzakeyo anaimika dzanja. Anamutsitsa m'chombo, n'kumusiya pa dziko lina la fumbi lokhalokha.

Pamenepo mwana wanga anandigwira mkono. Nanenso ndinali nditazindikira. Mu filimu yachiwiri yakale ija muli kamphindi kamene chombo chimatera pa dziko la fumbi, ndipo nkhalamba ina yowotcherera ndowa m'mbali mwa msewu imaimika dzanja kupereka moni. Kaputeni amangodutsa. Tonse tinkayesa kuti ndi wopemphapempha chabe, chonsecho ndi mnzake uja. Zaka zonsezi ine kuonera malo amenewo osaona kanthu!

Titatuluka dzuwa linali likadalipo. Tinayenda wapansi kubwerera kushopu, ine ndikulankhula ngati wailesi.

"Filimu yabodza iyi. Aononga munthu. Zinthu zina n'zofunika kuzisiya mmene zilili."

"Ayi bambo, pamenepo ndiye pokhapo pamene achita bwino," anatero. "Za chipewa ndi chibwenzi ndikuvomerezani, n'zotaya nthawi. Koma thanki ija yasintha mafilimu onse atatu. Ndikawaoneranso sadzakhala omwe aja."

"Ndiye ukuti n'zabwino zimenezo?"

"N'zoona, ndiye n'zabwino. Koma Kaputeni ndamuda."

Ndinaima pakhomo pa shopu, kiyi ali m'manja. "Wamuda chifukwa anagona? Anali mwana."

"Kugona ayi. Kuchipatala timaona anthu olakwitsa tsiku lililonse. Ndamuda chifukwa cha moni uja. Munthu anakusenzera mlandu, wakalamba akuwotcherera ndowa, akukuimikira dzanja, iwe n'kudutsa ngati waona chitsa? Ameneyo si munthu, bambo."

Ndinatsegula loko, ndinalowa, ndinakhala pa benchi. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni. Mwana ameneyu ndi yekhayo amene ndili naye, ndipo dzina limene anandipatsa ndi limene ndakhala ndikudyera ulemu. Ndikanatha kukhala chete, ukwati n'kuchitika bwinobwino, ine n'kumuperekeza ndi suti yanga, iye osadziwa kanthu mpaka kundiika m'manda. Koma ine ndi kalipentala. Thabwa lofumbwa m'kati ndimalidziwa ngakhale lipakidwe vanishi katatu.

"Khala pansi," ndinatero. "Chotchinga chija ndinachotsa ndine."

Sanakhale.

"Ndinali nditamwa kuyambira m'mawa. Chotchingacho chinkandichedwetsa, ndinachimasula ndi manja angawa. Amayi ako anali ndi pakati pa iwe, miyezi isanu ndi iwiri. Kapitawo akanamva fungo la mowa, ntchito ikanathera pomwepo. Amalume ako anandikulunga dzanja ndi malaya awo, anandithira madzi kumaso, ndipo kapitawo atafika anati anachotsa ndi iwo. Poyamba ndinkati ndidzanena zikazizira. Kenaka anthu anayamba kundimvera chisoni, ine n'kuzolowera. Kenaka ndinayamba kuwada amalume akowo, chifukwa ndikawaona ndinkadziona."

"Amayi ankadziwa?"

"Ayi. Anapita akuganiza kuti mchimwene wawo anapundula mwamuna wawo."

Analira mwana wanga, osati mofuula, misozi yokha kutsika ali chiimire. Ndinafuna kumugwira phewa koma anabwerera m'mbuyo. Zimenezo zinandipweteka kuposa macheka.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero. "Ndinkawadutsa pamsewu osawapatsa moni, chifukwa cha inu."

"Ndikudziwa. Ndipatse khadilo, kapena upite nalo iweyo ukawauze kuti..."

"Ine ayi." Analitenga pashelefu, analipukuta utuchi ndi m'mphepete mwa diresi, n'kuliika pa benchi pafupi nane. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo mukapanda kupita nalo, wodzakhala panyumba tsikulo ndinu, monga munanenera nokha."

Anatuluka osatsanzika. Sananditchule Kaputeni, sananditchulenso bambo.

Ine nkhani ndikaiyamba ndimaimaliza. Ndinatseka shopu, ndinaika khadi m'thumba la malaya, n'kuyenda misewu inayi imene ndakhala ndikuilambalala zaka zonsezi. Alamu amakonza njinga pansi pa khonde la sitolo ina ya utoto. Ndinawapeza atagwada, chubu chili m'beseni la madzi, akufufuza pobooka. Imvi mbuu, msana utapindika. Anadzutsa mutu, anandiyang'ana nkhope, kenaka dzanja.

"Alamu," ndinatero, ndipo ndinakweza mawu kuti wogulitsa utoto ndi makasitomala ake amve, "chotchinga chija ndinachotsa ndine. Inu munandisenzera mlandu, ine n'kukulipirani chipongwe. Mwana ndamuuza. Ndabwera ndi khadi la ukwati wake."

Sanafulumire. Anatulutsa chubu m'madzi, anaika chizindikiro ndi choko pobookapo, anapukuta manja pa thalauza. Khadilo analiwerenga mbali zonse ziwiri, milomo ikuyenda pa dzina la mwanayo.

"Wakula eti?" anafunsa.

"Ndi nesi."

"Ndimamuona akamadutsa ndi yunifolomu. Amayenda ngati mayi ake." Kenaka anandiyang'ana. "Mlongo wanga munamuuza asanapite?"

Ndinafuna kunama, lilime linali litazolowera. "Ayi, alamu."

Anagwedeza mutu, n'kuika khadi lija m'thumba la pachifuwa, n'kumanga batani.

"Ku ukwati ndibwera," anatero, akugwadanso pa beseni lawo. "Koma amene ndinkadikira kuti amve ndi mlongo wangayo."